Ndinawotcha Bani ya Mwamuna Wanga Chifukwa cha Woyimba

Abale ndi alongo, ambiri mumandidziwa kuti ndine Mayi a Tadala, amene ndimasesa m'tchalitchi muno Loweruka. Ena a kuno ku Macheke muli ndi dzina lina limene mumanditchula ndikapotoloka. Mumati mayi amene anawotcha bani. Musazolike, ndimamva. Ndipo simunama, ndinaiwotcha ndine. Lero ndapempha abusa kuti ndifotokoze ndekha, poti nkhani yangayi yayenda mokwanira pakamwa pa anthu ena.

Ndinabadwira m'komboni, papulazi ya fodya kufupi konkuno. Bambo anga anachokera ku Dedza ali mnyamata, ndipo moyo wawo wonse ankasonkhezera moto m'mabani owotchera fodya. Kunyumba tinkalankhula Chichewa. Kusukulu ndinkachibisa ngati chilonda, chifukwa anzathu akangomva liwu limodzi ankatiseka kuti ndife Mabhurandaya, anthu opanda kumudzi.

Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, mwini pulazi atagulitsa fodya anaitana gulu loyimba nyimbo za sungura kuti lidzayimbe pabwalo la mpira Lamlungu masana. Dzina la woyimba wamkulu wa gululo sinditchula m'nyumba ya Mulungu. Ndalitchula kokwanira pamoyo wanga. Anali wamtali, wa nsapato zoyera, ndipo nayenso anakulira m'komboni ngati ife.

Ali pakati pa nyimbo ya Chishona, anangosintha n'kuyamba kuyimba Chichewa, mokweza, aliyense akumva. Amayi anga misozi inalengeza. Ine ndinali kutsogolo, phazi lili pansi, diresi long'ambika m'khwapa. Anandiloza, anandikweza pangolo ya thirakitala pamene ankaimapo, n'kuvina nane pang'ono. Kenako anauza anthu kuti, "Uyu ndi wakwathu. Akakula ndidzabwera kudzamutenga."

Anthu anaseka, mawa lake anaiwala. Ine mawu amenewo ndinawatenga ngati lonjezo.

Ndinadula chithunzi chake m'nyuzipepala yokulungira matemba, n'kumagona nacho. Nyimbo yake ikalira pawayilesi ndinkasiya mbale zili m'madzi. Nditakula, mnyamata aliyense wondifunsira ndinkamuyeza ndi iyeyo. Uyu wafupika. Uyu mawu ake ndi osasa. Uyu sadziwa kuvina. Ndinkakana anthu monyada, ngati kuti ndinali ndi chibwenzi ku Harare, chonsecho munthuyo ngakhale dzina langa sankalidziwa.

Bambo anamwalira ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Mukudziwa mmene zimakhalira papulazi, nyumba imayendera ntchito. Wantchito akafa, banja lake lisamuke. Amene analowa pa ntchito ya bambo anali Laisoni Phiri, mnyamata amene bambowo anamuphunzitsa za moto. Anandifunsira, ndipo ndinalola kuti ine ndi amayi tisathamangitsidwe. Poti achibale tinalibe kuno, nkhoswe yathu inali yobwereka, mkulu wina wochokera dera la bambo anga, aChisale.

Laisoni anali wamfupi, wosalankhulalankhula, wonunkha utsi chaka chonse. Sankamwa mowa. Sanandikwezerepo dzanja. Amayi anga anawasunga mpaka anawaika m'manda ndi manja ake. Ine zonsezi sindinkaziona. Ndinkangoona kuti si uja.

Ndinena mosapsatira, ndinali mkazi woipa. Nyimbo ya woyimbayo ikayamba, mwamuna wanga ali pakati pa nkhani, ndinkamuuza kuti atseke pakamwa. Pamaso pa anthu ndinkaloza wayilesi n'kumati, "Mwamuna weniweni ndi uyu." Tsiku lina ndinamugulira nsapato zoyera pa kaunjika, munthu wogwira ntchito m'phulusa. Anazivala Lamlungu pofuna kundisangalatsa. Zinali zazikulu, ankayenda akuzikoka, ndipo ndinamuseka njira yonse mpaka anazivula n'kuzinyamula kumanja. Tinabereka mwana wathu Tadala, koma mtima wanga sunasinthe. Makaseti atatha, nyimbo zija zinasamukira m'foni. Ndinakhala naye chonchi zaka khumi ndi zisanu.

Mapulazi atagawidwa, tinatsala pamalo omwewo tikugwirira ntchito mwini watsopano. Chaka china mwiniyo anapatsa Laisoni kamunda kuti alime fodya wakewake. Munthu amene anawotcha fodya wa eni ake kuyambira unyamata, kwa nthawi yoyamba anali ndi tsamba lake. Anaumba njerwa yekha, n'kumanga bani yaing'ono. Pambali pake anagundiza kashedi kosungiramo fodya wouma kale.

Amene simunagwirepo fodya, mundimve. Moto wa bani umayaka pafupifupi sabata osazima. Masiku omaliza kumatentha koopsa, ndipo tsamba limakhala litauma ngati pepala. Pamenepo umaika chikuni chimodzi, n'kudikira, n'kuikanso china. Sudzaza ng'anjo. Ukadzaza, mapaipi amafiira, ndipo kachidutswa ka tsamba kakangogwerapo, zatha. Ine ndine mwana wa wosonkhezera moto. Zimenezi ndinazidziwa ndisanadziwe kulemba dzina langa.

Linali Loweruka, tsiku lachisanu ndi chimodzi la moto womaliza wa chaka chimenecho. Fodya yense wa m'mbuyo anali m'kashedi kaja. Tadala anali atapita ku msonkhano wa achinyamata. Laisoni anali atatha masiku osagona bwino, maso ali psuu. Cham'mawa anati, "Mayi a Tadala, mundigwirireko, ndigoneko pang'ono. Chimodzichimodzi."

Koma kwa masabata awiri mapepala anali atamatidwa m'mitengo ya mumsewu. Woyimba uja akubwera ku Macheke, kubawa, Loweruka masana. Chichokereni tsiku lija la pabwalo la mpira ndinali ndisanamuonenso ndi maso. Ndinkadziuza kuti sindipita. Dzuwa lili paliwombo, amayi ena a m'komboni anadutsa atatchena, akuitanizana. Ndinayang'ana nyumba imene mwamuna wanga ankagonamo, ndinayang'ana ng'anjo. Ndinatenga zikuni zikuluzikulu za bulugamu, ndinazipanikiza mpaka kukamwa kwa ng'anjo kuti zifike madzulo, n'kutsekapo ndi lata. Ndinasamba, ndinadzola, ndinakwera kombi. Mzimayi wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri.

Ndinamupeza atakalamba, mimba ili patsogolo, tsitsi lopaka mankhwala okuda. Sindinasamale. Ndinakankha anthu mpaka kutsogolo. Atapumira, ndinamugwira mkono wa malaya.

"Ndine uja wa papulazi," ndinatero. "Munavina nane pangolo ndili mwana."

Maso ake anali pamwamba pa mutu wanga. Anangoti, "Zikomo mayi, Mulungu akudalitseni." Mnyamata wina wolondera anandikankhira kumbuyo.

Atayambiranso, pakati pa nyimbo anasinthira ku Chichewa. Analoza kamtsikana kena kamene kanali kutsogolo, anakakweza, anavina nako. Kenako ananena mawu omwe aja, osasintha ngakhale limodzi. Uyu ndi wakwathu, akakula ndidzabwera kudzamutenga. Mayi wina amene ndinaima naye anaseka n'kundiuza m'Chishona kuti amatero paliponse, ndipo ku Goromonzi anakwezapo mng'ono wake. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndinasunga mumtima mawu amene kwa mwini wake anali mbali chabe ya ntchito.

Ndinatuluka nyimbo isanathe. Utsi ndinauona ndikadali m'kombi.

Bani inapsa, kashedi kanapsa, fodya wa chaka chonse anatha. Laisoni anadzutsidwa ndi kukuwa kwa anthu. Analowa m'kashedi kuti apulumutseko kena, ndipo denga linamugwera padzanja lamanja. Zala zitatu zinapindika, mpaka lero siziwongoka.

Atatuluka m'chipatala, aChisale anatikhazika pansi. Ine ndinayamba ndi bodza. Ndinati kunali mphepo, ndipo ndinangopita kudambo. Koma lata lija anthu analipeza lili pang'anjo, komanso theka la komboni linandiona kubawa. Laisoni anali pomwepo, dzanja lili m'bandeji. Kenako analankhula osandiyang'ana.

"AChisale, fodya amabzalidwanso. Dzanjali ndizolowera. Koma zaka khumi ndi zisanu ndakhala mlendo m'nyumba ya mwamuna wina. Ndatopa. Apite."

Ndinapita ku Selous kwa mkulu wanga amene anakwatiwa kumeneko. Tadala anasankha kutsala ndi bambo ake. Kumeneko ndinkasankha fodya m'shedi ya eni, malipiro onse n'kuthera ku chikokiyana, mowa uja wa m'komboni wophikidwa tsiku limodzi. Amuna a kubawa ndinayenda nawo, aliyense wodziwa kugwedeza mwendo. Ena ankandimenya. Ndinali wowawa mtima ngati ndulu. Ndinkatukwana woyimba uja. Ndinkatukwana amayi anga m'manda kuti anandikwatitsa chifukwa cha nyumba. Ndinkatukwana Mulungu. Munthu mmodzi yekha amene sindinkamuimba mlandu ndinali ine. Zaka zinayi zinatha chonchi.

M'shedimo ndinkakhala moyandikana ndi mayi wina wachikulire, Nasibeko. Sankandilalikira. Ndikabwera ndi matsire ankangonditengera fodya wina kuti folomani asaone kuti ndatsalira. Tsiku lina anandipempha kuti ndimuperekeze ku mapemphero a amayi a Lachinayi. Ndinapita chifukwa cha manyazi basi.

Mayi amene analalikira tsiku limenelo ankanena za mafano. Ine ndinkadziwa kuti fano ndi chinthu chosema, cha anthu akale. Koma iye anati fano ndi chilichonse chimene wachipatsa mpando wa Mulungu mumtima, ndipo fano limafuna nsembe. Anafunsa kuti, "Iwe fano lako unalipatsa chiyani?"

Ndinayankha chamumtima. Ndinalipatsa unyamata wa mwamuna wanga, thukuta lake, dzanja lake ndi mwana wanga. Ndinagwa pansi pa simenti, ndinalira ngati pamaliro. Kwa nthawi yoyamba ndinanena ndi pakamwa panga kuti ng'anjo ndinadzaza ndine, ndikudziwa bwino lomwe chimene chingachitike. Amayi aja anandizungulira n'kundipempherera. Tsiku limenelo Yesu anandilandira mmene ndinalili. Mowa ndinasiya. Nyimbo zija ndinazifufuta m'foni, ndipo chithunzi chija, chimene chinali chikadali pansi pa chikwama changa, ndinachiponya m'chimbudzi.

Tsono apa mundimvetsetse, chifukwa ena amakonda umboni wothera m'nthungululu. Ine ndinkaganiza kuti poti Mulungu wandikhululukira, andibwezeranso Laisoni. Ndinasala kudya. Ndinasoketsa diresi. Mawu oti ndikanene ndinawaloweza njira yonse yochokera ku Selous.

Nditafika pakhomo, anatuluka mayi wina, khanda lili kumbuyo. Anali Edina, mkazi amene Laisoni anakwatira patatha zaka ziwiri ine nditachoka. Anandizindikira. Anandiyalira mphasa, anagwada, n'kundipatsa madzi akumwa pakhomo pamene kale panali panga. Akanandilalatira bwenzi zili bwino.

Laisoni anabwera kuchokera kumunda. Ndinagwada m'fumbi. Mawu onse oloweza aja anathawa, ndinangoti, "APhiri, ndinakulakwirani. Osati tsiku la moto lokha. Masiku onse."

Anati, "Mayi a Tadala, dzukani. Ndinakukhululukirani kalekale. Koma nyumbayi tsopano ili ndi mwini wake."

Anatambasula dzanja lopsa lija kuti andidzutse. Ndinaligwira, ndipo ndinamuyang'ana kumaso. Abale anga, ndinagona ndi munthu ameneyu pamphasa imodzi zaka khumi ndi zisanu, koma nkhope yake ndinaiona bwino tsiku limenelo. Anali mwamuna wokongola. Ndinamukonda pomwepo, ndi mtima wonse, chikondi chimene ndinamumana pamene chinali chake. Chinabwera pa tsiku limene chinalibenso ntchito, ndipo sichinachoke.

APhiri ali muno lero, uko kumbali ya abambo. Mayi Edina ali apo. Ndinawapempha onse awiri ndisanaime pano, ndipo anandilola. Ndimakhala ndekha m'kachipinda ka lendi kuseri kwa msika. Tadala anayamba kumandiyendera chaka chathachi, ngakhale kuti mawu ake akadali ochepa. Lamlungu lililonse ndimaona banja limene likanakhala langa likulowa pakhomo ilo. Zimawawa. Sindikunamizani kuti zinasiya kuwawa.

Komabe ndikuyamika Mulungu. Akanandisiya, bwenzi nditafera kuseri kwa bawa ku Selous ndikutukwana anthu osalakwa. Anandichotsa m'mowa, anandichotsa m'bodza, anandiphunzitsa kunena kuti ndinalakwa ndine. Tchimo langa analifafaniza. Nyumba yanga sanandibwezere, ndipo ndilibe pomuimbira mlandu. Dzina lake lilemekezeke.

Tsono ndikuitana inu. Mwina ndinu mtsikana amene mukukana anthu enieni chifukwa cha nkhope ya m'foni. Mwina ndinu mayi kapena bambo amene muli ndi munthu wina mumtima, wosakudziwani n'komwe, ndipo mnzanu wa m'nyumba mumamuyeza ndi ameneyo tsiku ndi tsiku. Wanuyo akadalipo. Akudyabe nanu mbale imodzi. Musadikire kuti mudzamuone bwino tsiku limene ine ndinamuonera wanga.

Bwerani kutsogolo kuno, Yesu akulandirani monga anandilandirira ine. Mukatha kupemphera, mupite kwanu msanga, kuli amene akukudikirani. Amene mukufuna kutsalira musaope kuti muchedwetsa munthu, ndigwada nanu mpaka mumalize. Ine kwathu kulibe wondidikira.

Ameni.