Jimu Yanga Ikanasanduka Khola la Nkhuku

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndimaphunzitsa masewera olimbitsa thupi ku Zingwangwa, ndipo ndikufuna ndikuuzeni momwe jimu yanga inatsalira pang'ono kusanduka khola la nkhuku.

Jimuyo ndi shedi ya malata kuseri kwa nyumba ya amalume anga. Zonyamula ndinaumba ndekha, simenti m'zitini za penti, ndipo ndinkalota anthu akutuluka mmenemo mimba zitaphwa ngati a pa TV. Ndinali waukali, sindibisa. Munthu akabwera ndinkamukweza pa sikelo, kumuletsa tchipisi ndi zitumbuwa, kenako kumuthamangitsa mpaka lilime panja. Ankawonda ndithu, koma akangowonda basi, osabweranso. Mayi wina anachita kundiuza pamsika kuti apongozi ake anabwera kudzafunsa ngati akudwala kapena mwamuna akumuzunza. Kwathu kuno ukaphwa msanga anthu amayamba kunong'ona, inu mukudziwa. Koma ine ndinkangoti anthu a mu Blantyre ndi aulesi.

Pofika nyengo yozizira ndinatsala ndekhandekha. Amalume anati shedi yopanda anthu n'kuwononga malo, mwezi ukatha aikamo nkhuku. Zinandiwawa zedi. M'mawa ndinkakhala pa benchi n'kumayang'ana phiri la Soche likumira m'chiperoni, mpaka kumaona ngati nanenso ndikuzimiririka nalo. Pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, nditumizireni ngakhale munthu mmodzi.

Anabwera mayi Nachisale, achikulire ogulitsa makala, atavala chitenje ndi nsapato zapulasitiki. Nditatulutsa sikelo anaikankha ndi phazi.

"Mwanawe, usandiwondetse, anthu angati umasiye wandidya. Ine ndikufuna kukwera phiri ilo. Ndinkapemphera pamwambapo ndi malemu amuna anga, koma mawondowa akukana."

Zaka zonsezi sindinafunsepo munthu chimene wadzera.

Tinayamba pang'onopang'ono, kukhala pampando ndi kudzuka, kukwera pa njerwa ndi kutsika, iwo akuimba nyimbo yakutchalitchi chapansipansi. Amayi anzawo atamva kuimbako anayamba kusuzumira. Wina ankafuna kubereka mdzukulu msana osapweteka, wina kugwada m'tchalitchi osagwira benchi. Wina ankangofuna pochezera, poti ana ake onse ali ku Joni. Amalume atafika ndi waya wa khola anapeza shedi yadzaza. Anaima pakhomo kanthawi, n'kubwerera ndi waya wawo.

Tsiku lokwera phiri kunali nkhungu, njira osaoneka bwino, nyumba za Zingwangwa zitabisika pansi pathu, ndipo tinkayenda ngati tili m'maloto. Mayi Nachisale anapumira kangapo koma sanabwerere. Titafika pamwamba anapita molunjika pa mwala umene ankapempherapo kale, anagwada okha popanda wowagwira, n'kutchula dzina la amuna awo motsitsa mawu. Ine, mwamuna wa minofu yonseyi, ndinalira ngati mwana.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandisungira ntchito yanga, n'kunditsegulanso makutu. Inu amene ntchito yanu ikuzilala, musataye mtima, pitirizani kupemphera. Koma yankho likafika musaliyeze pa sikelo yanu. Langa linabwera litavala chitenje, m'manja muli bii ndi makala.