Mbiri ya a Pedro Namakhwa, mphunzitsi wa Chingerezi wa ku Limbuli

Mafumu, abusa ndi nonse anamalira, ine ndine Austin Namakhwa, mng'ono wawo wa amene agona apawa.

Malemu a Pedro Namakhwa anabadwa pa 4 February 1974 kufupi ndi Milanje ku Mozambique. Mu October 1986 anthu a mfuti analowa m'mudzi mwathu dzuwa lili paliwombo. Anatentha nyumba, ndipo bambo athu anawatema ndi nkhwangwa ife tikuona. Malemu ndi amene anandibereka kumsana powoloka mtsinje wa Muloza, mayi athu atasenza mtolo wa zovala.

Sukulu anayambiranso kuno mu 1987, akudziwa Chilomwe ndi Chipwitikizi chokha. Tsiku lina anakwapulidwa mpaka zikhatho kutupa chifukwa cholephera kuyankha m'Chingerezi. Kuchokera pamenepo ankatola nyuzipepala zokulungira mandasi n'kumakopera mawu m'kope. Anakhoza MSCE mu 1996, ndipo uphunzitsi anauyamba mu 1999.

Mu 2001 anamanga banja ndi mayi Angella, amene akhala pafupi ndi bokosiwa. Mu 2008 anayamba kuphunzitsa kusekondale yoyendera kuno ku Limbuli. Ankati Chingerezi si mawu aatali ogometsa anthu, koma kudziwa mawu amene amayendera limodzi. Amene munadutsa m'manja mwawo mukukumbukira kuti mvula yamphamvu ndi heavy rain, ndipo wolemba strong rain ankabwereza kakhumi. Ankasonyeza mmene kamawu kakang'ono kamasinthira mneni, kuti give up ndi kutaya mtima pamene give in ndi kugonja. Zining'a anadzaza nazo makope khumi ndi awiri. Ndodo sanaigwirepo m'kalasi. Loweruka lililonse ankaphunzitsa mwaulere makalaliki a m'minda ya tiyi ndi obwereza mayeso.

Loweruka pa 7 October chaka chino cha 2017, cha m'ma 10 koloko m'mawa, anatsika minibasi pa Chinakanaka kupita kukaphunzitsa gulu latsopano. Nonse mukudziwa mphekesera za anamapopa zimene zatisokoneza mitu. Panjira anthu anawaimitsa n'kukhuthula chikwama. Anapezamo kawailesi ka mawaya komvetsera katchulidwe ka mawu, ndi botolo la inki yofiira yochongera. Wina anakuwa kuti ndi magazi. Malemu anafotokoza m'Chichewa, anafotokozanso m'Chilomwe, koma panalibe womva. Anawagenda, kuwamenya ndi zibonga, wina n'kuwatema ndi chikwanje pamutu. Makope amene anali m'chikwamamo anaponyedwa pamoto.

Mayi Jessica, ogulitsa tomato pamsika wa Chinakanaka, amene anaphunzirapo kwa malemu, anathamanga n'kudzigwetsa pamwamba pawo akukuwa kuti awa ndi aphunzitsi awo. Anathyoledwa mkono, koma sanachokepo mpaka apolisi anafika.

Kuchipatala malemu anatsitsimuka kamodzi kokha. Anauza akazi awo kuti nkhani zimene ophunzira analemba zili pansi pa wailesi yaikulu kunyumba, zosachonga, ndipo apeze wozichonga. Anatisiya Lachiwiri pa 10 October, ali ndi zaka 43.

Ena mwa ogendawo tikuwadziwa, ndipo ana awo ena anaphunzitsidwa ndi munthu yemweyu. Maina tapereka kupolisi. Achinyamata a kuno kwathu, ndamva zimene mukunong'onezana. Zikwanje musiye m'nyumba. Banja lino laona kale anthu awiri akutemedwa, ndipo silikufuna wachitatu, ngakhale wa banja lina.

Malemu asiya mayi Angella, ana atatu, Marcia, Godwin ndi Ireen, ndiponso mayi athu a Maliya, amene anaika amuna awo mothamanga ndipo lero akuika mwana.

Tikuthokoza mayi Jessica, amene abwera ndi mkono womanga, anamwino, amayi amvano, adzukulu ndi ophunzira amene apempha kunyamula bokosi.

Achimwene, munandibereka ndili mwana, lero ndakuperekezani. Mzimu wanu uuse mumtendere.