Ankanditchula Kuti Wodya Dothi

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu kulikonse kumene mawu awa akupezani. Ine ndine Enelesi, kwathu ku Tsangano amati Namoyo. Ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene nyanja inandilanda munda ndi nyumba, ndipo nditabwerera kumene ndinabadwira ndinapeza kuti ndilibe poponya khasu.

Ndinakwatiwa ndi a Zuze chaka chimene tinavota koyamba pa zipani zambiri. Iwo anali a ku Mozambiki, kumunsi kwenikweni kumene Zambezi amathira m'nyanja yamchere, koma nkhondo inawapeza akugwira ntchito kufupi ndi malire, n'kuthawira kwathu. Mtendere utabwera anati tiyeni kwathu, ine n'kutsatira. Mwana wa kumapiri, wokulira mbatatesi ndi chisanu, ndinakaphunzira kuwokera mpunga m'matope ofika m'mawondo. Apongozi anga ankandiseka kuti ndimayenda m'munda ngati ng'ombe yotitimira m'dambo. Koma ndinaphunzira ndithu, ndipo Mulungu anatipatsa mwana mmodzi, Manuwele.

Dziko limenelo ndi lathyathyathya, mulibe ngakhale chulu choti n'kukwerapo. Kale madzi a m'nyanja ankabwera n'kubwerera, akudziwa malire awo. M'kupita kwa zaka anayamba kupitirira. Anayambira mitengo ya kokonati ya m'mphepete, n'kumauma chiimire. Kenako analowa m'zitsime, n'kufika m'minda. Choncho aliyense kumeneko anaphunzira kulawa. Usanatunge madzi umayamba wanyambita chala, usanafese umatapa kadothi n'kuika pa lilime. Ukamva mchere wambiri umadziwa kuti chigawo chimenecho chapita. A Zuze sankagonja msanga. Chaka ndi chaka ankasankha ngala za mpunga umene wapirira pamalo amchere, mpaka tinakhala ndi mbewu yathuyathu, yofiirira, yosaoneka bwino koma yolimba. Anamwalira ndi chifuwa asanaone zoopsa zenizeni.

Namondwe atabwera tinakhala masiku awiri padenga la tchalitchi, tikuona mbuzi ndi zitseko zikudutsa pansi pathu. Madzi ataphwa, munda wonse unali mbuu ngati wawazidwa ufa, ndipo pamene panali manda a amuna anga panali pakuyenda mabwato. Akuluakulu anatiuza kuti nyengo inasintha, nyanja ikukwera ndipo sibwereranso m'mbuyo. Anatisamutsira m'matenti kumtunda, pamalo opanda minda. Chimene ndinapulumutsa ndi chigubu cha malita asanu chodzaza mbewu ija yosakaniza ndi phulusa, chimene ndinabereka kumsana ngati mwana. Ndinauza Manuwele, amene tsopano anali ndi mkazi ndi makanda awiri, kuti ndikupita kwathu, ndikakapeza munda ndidzawaitana.

Mkulu wanga Etinala anandilandira ndi misozi, pamenepo sindinganame. Koma munda wa amayi unali utagawidwa kalekale kwa ana asanu a Etinala. Sindiwaimba mlandu, munthu ukachoka zaka zoposa makumi awiri munda sukudikira. Ndiponso ukanakhalapo, mpunga ukanamera bwanji pamapiri ozizira aja? Anandipatsa kanyumba kosungiramo mbatatesi, ndipo ndinkapita kuganyu. Mvula yoyamba inadutsa chigubu chili pakona. Alimi a mpunga mukudziwa kuti mbewu ikadutsitsa mvula ziwiri, imeneyo yafa.

Chimene chinandipalira moto ndi lilime langali. Ndikafika pa mjigo ndinkanyambita chala ndisanatchere ndowa. Ndikalowa m'munda wa munthu kukagwira ganyu, dzanja linkapita lokha pansi, kadothi n'kufika kukamwa. Sindinkadziwa n'komwe kuti ndikuchita zimenezo. Posakhalitsa anayamba kunditchula kuti wodya dothi, ena n'kumati ndabwera ndi mankhwala a kunyanja okokera zokolola za anzanga. Maganyu anayamba kusowa. Tsiku lina alamu anga, amuna a Etinala, anandiitana pambali, maso ali pansi. "Alamu, anthu akuyankhulatu kunjaku. Komanso kanyumba kaja tidzakafuna tikakumba mbatatesi."

Etinala naye, pofuna kundichitira chifundo, anati, "Enelesi, mpunga wakowu bwanji tingophika pa Khirisimasi kusiyana n'kuti ufumbwe?" Ine mtima wanga ndi wapachala, abale. Ndinamuyankha kuti ayambe waphika ineyo. Tinakhala sabata yathunthu osapatsana moni, nyumba zili moyang'anizana.

Manuwele akaimba foni funso linali limodzi: "Amayi, munda mwaupeza?" Kumbuyo kwake ndinkamva mwana akutsokomola. Ine n'kumati zili pafupi, pamene ndikunama. Ndinasiya kupita kumsonkhano wa amayi wa Lachinayi chifukwa ndinkaona ngati aliyense akuyang'ana pakamwa panga. Mapemphero anga sanali aulemu ngati amene mumamva m'tchalitchi. Ndinkagwada pafupi ndi chigubu chija n'kumati, "Ambuye, mchere wanditopetsa. Unandidyera munda, unandidyera manda, tsopano ukundidyera dzina. Ndipatseni dothi lokoma, ngakhale laling'ono ngati mphasa." Ndinkadzuka pamenepo wopanda yankho, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina Etinala akunena zoona.

Tsiku la msika ndinapita kukagulitsa mbatatesi za Etinala pa Tsangano. Pafupi ndi ine panali golosale ya mayi wina wachisilamu, Abiti Yusufu, wamasiye, wogulitsa mpunga ndi sopo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa mokweza, "Kodi inu ndinu amene mumadya dothi muja?"

"Ndine amene," ndinatero magazi atawira. "Muli nalo loti mundigulitse?"

Anaseka mpaka kugwira nthiti, n'kundikokera mpando. Atandifunsa bwinobwino chifukwa chake, ndinawafotokozera zonse, za nyanja, za zitsime, za mbewu ya a Zuze. Chifikire ku Tsangano, aka kanali koyamba munthu kundifunsa m'malo mondinena. Nditamaliza anandiuza kuti ndisalephere kubwera msika wotsatira.

Nditafika tsikulo anatulutsa jumbo pansi pa kauntala. Munali dothi lakuda lokhala ndi timadontho toyera. "Talawani ili, achemwali."

Ndinatapa n'kuika pa lilime. Abale, unali mchere. Osati woopsa ngati umene namondwe anasiya, koma uja wa zaka zoyambirira, umene mbewu yathu inkaupirira. Misozi inangoyamba yokha pakati pa msika, chifukwa ndinamva kukoma kwa munda wa amuna anga.

Abiti Yusufu anandiuza kuti dothilo lachokera ku Bwanje, pamunda umene malemu amuna awo anasiya kumapeto kwa dambo, kunja kwa sikimu ya mpunga. Anthu atatu anayesapo kulima, mpunga n'kumapsa nsonga usanabereke, mpaka anthu anagamula kuti pamalopo panalodzedwa. "Ine ndine wa pasikelo, khasu silindidziwa," anatero. "Pitani mukalime. Pali kanyumba, denga lake mukakonza nokha. Mukakolola mudzandipatse wophika pa Idi, basi." Ndinawafunsa chifukwa chimene akuchitira zimenezi kwa munthu amene sapemphera nawo. Anati, "Njala imafunsa kuti mumapemphera kuti?"

Ndisanapite ndinakulunga njere pang'ono m'kansanza konyowa kuti ndione ngati mbewu ikadali moyo. Masiku anayi amenewo ndinkatsegula kansanzako ngati munthu woyang'ana wodwala. Pa njere khumi zilizonse zinamera zinayi zokha. Ikanadutsa mvula imeneyo sikanameranso ngakhale imodzi.

Ndinatsikira ku Bwanje mwezi wa Novembala, kutentha kwake ngati kumene ndinachokera. Ndinachita monga a Zuze ankachitira. Mvula yoyamba sindinaitsekere m'munda, ndinagumula migula kuti madzi atsuke mchere n'kupita nawo. Alimi oyandikana nane ankaima panjira ndi njinga zawo n'kumaseka kuti mayi wa kumapiriyu akutaya madzi pamene anzake akusunga. Ndinathira manyowa ndi mankhusu, n'kusiya mbande zikhwime pa nazale kuposa mmene iwo amachitira, kenako n'kuwokera. Mbewu inangokwanira kachigawo kakang'ono. M'mawa uliwonse ndinkayenda m'mizere kuyang'ana nsonga za masamba, ndikupemphera chamumtima. Nsonga zina zinapsa ndithu, koma mpunga unaima, unatulutsa ngala, n'kuweramitsa mitu.

Sindikuuzani kuti ndinadzaza nkhokwe, ayi. Ndinapeza matumba atatu. Limodzi ndinasunga la mbewu, ndowa imodzi ndinakapereka kwa Abiti Yusufu, ina ndinapita nayo kwa Etinala. Ndinamupepesa chifukwa cha pakamwa panga, iye n'kupepesa za kanyumba, ndipo tinaphika mpunga uja tonse awiri tikulira ndi kuseka.

Kenako ndinaimbira Manuwele, ulendo uno osanama. Ndinati, "Mwananga, munda ndaupeza. Nyamukani." Iye, pokhala mwana wa bambo ake, anafunsa kuti dothi lake n'lotani. Ndinati lamchere. Kenako ndinamumva akupuma mwamphamvu, n'kunena kuti, "Ndiye ndi kwathu, amayi."

Lero tili asanu pakhomo pano, ndipo munda wonse ukulimidwa. Amene ankaima ndi njinga aja amabwera ndi dothi m'majumbo kuti wodya dothi awalawire, ndipo ndimawagawira mbewu ya a Zuze. Dzina lija sindikwiya nalonso, ndimayankha.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandipatse chimene ndinkalirira. Ndinapempha dothi lokoma, limene aliyense akanalilima ndipo palibe akanandipatsa. Iye anandisungira lamchere limene anthu onse analikana, n'kulitumiza m'jumbo kudzera mwa mayi amene sindikanamuganizira. Musaiwale m'mapemphero anu anzathu amene akadali m'matenti kunyanja kuja, chifukwa si onse ali ndi kwawo kothawira. Mlendo akafika kwanu ndi khalidwe lachilendo, yambani mwamufunsa musanamupatse dzina. Ndipo inu amene mwatsala ndi kambewu kochepa pakona, anthu akukuuzani kuti mungophika, limbani mtima, musaphike. Mwini munda akudziwa pamene kadzamere. Ambuye akudalitseni nonse. Ameni.