Ku Mexico Musajambulitse

Pa siteji ya maminibasi otchedwa matatu ku Kangemi, kudziko la eni, Lenah anamva mayi wina akudandaula m'Chichewa kuti achedwa kukatenga viza ya ku Mexico. Mkwiyo wakale unamubwerera.

"Pepani mayi, mwati Mexico?"

"Eee. Amuna anga akupita kumsonkhano, ukatha tikapume kukatauni kena kam'mbali mwa nyanja."

"Ndinafikako ine. Madzi a pampopi musakamwe, mudzatsegula m'mimba. Tsabola wawo, kambuzi achepa. Koma chachikulu, musakalole munthu kukujambulani!"

"Chithunzi chilakwanji?"

"Chilakwanji? Kumatentha kumene kuja, chitenje chimachita kumata m'thupi. Ndinavala kabudula ngati azimayi onse a kumeneko. Mwamuna wina wa ku ofesi kwathu, amene tinapita naye limodzi pantchito, n'kundijambula osandipempha. Atapita kutchuthi ku Blantyre, anakachionetsa kubala."

"Kwathu kuja, kumene ngakhale buluku linali loletsedwa kwa mzimayi?"

"Chinayenda mpaka chinafika m'manja mwa apongozi! Ukwati anali ataulengeza kale kutchalitchi, unathera pomwepo. Wojambulayo mpaka lero akungoyenda mwamatama, kamera lendelende pakhosi ngati belu la ng'ombe."

"Mayo! Ndani wopanda khalidwe ameneyo?"

"Griffin, wa zaulimi. Amakhala kumayadi, ku Muthaiga."

Mayi uja anayang'ana pansi.

"Ndi amuna anga amenewo."

"Chabwino! Ndiye imvani lomaliza. Ngati ndi iyeyo, katauni kake ndi komwe kaja. Kuseri kwa doko la asodzi kuli thanthwe lalitali, pansi pake m'pakuya. Kamerayo mukaiponye pamenepo."

"Nanga akakana kuivula pakhosi?"

"Musakalimbane nawo, mayi. Mukangokankha zonse pamodzi."