Sokosi m'belu la sukulu

Anzanga omvera, ndine mnyamata wa giredi teni kuno ku Joni, ndipo mpaka lero sindinapepese.

Mlongo wanga wamng'ono ali ndi vuto lobadwa nalo lotchedwa otizimu, phokoso limamubaya ngati singano. Pasukulu yathu ku Midrand, belu lamagetsi likalira ankatseka makutu n'kubisala pansi pa desiki. Aphunzitsi ake ankati ndi mwano. Tsiku lina anamuimika pansi pa belu lenilenilo, ati azolowere! Mwanayo atafika kunyumba anakana zobwererako.

Mawa lake ndinamunyengerera tinapita, ine n'kukwera pampando, n'kukankhira sokosi yanga m'belumo. Linangoti fwefwefwe. Tsiku limenelo mwanayo analemba tsamba lathunthu.

Ahedi anandiimitsa sukulu masabata awiri. Amayi anakalipa: "Eish, iwe undipha ndi BP! Ukapepese kwa ahedi!"

"Nanga iwowo apepesa liti, amayi?"

Mwezi wotsatira amayi anasamutsira mlongo wangayo kusukulu yaing'ono ku Fourways, kumene aphunzitsi amangokweza khadi lachikasu nthawi ikakwana. Pano amadzuka yekha n'kuvala yunifolomu.

Aphunzitsi inu, mwana akatseka makutu, yambani mwafunsa. Apo ayi, sokosi inayo ndikadali nayo.