Intaneti Yakhazikika kwa Apongozi

Pa siteji ya Katete, tikudikira kuti minibasi idzaze, mayi wina ankawerenga chikwangwani chonena kuti intaneti ya m'nyumba yatsika mtengo. Bambo amene anaima pambali pake anaseka.

"Musathamangire, mayi. Ine ndinagula kabokosi ka intaneti kameneko kuti ndizionera mpira."

"Ndiye sikagwira?"

"Kamagwira bwino, koma pawindo la apongozi anga aakazi pokha. Ndinayesa padenga panga, pakhola, mumtengo wa mango, osatheka."

"Nanga osakaonera komweko?"

"Inu, ndine mkamwini ku Mkaika. Ndikakhale pakhonde la apongozi, miyendo tambalale, ndikukuwira chigoli? Tikakumana panjira timapatukirana."

"Ndiye mumaonera kuti?"

"Kuseri kwa nkhokwe yawo, choimirira. Mpira umafika moduladula. Wosewera akamenya lero, chigoli ndimakachimva mawa kuchigayo."

"Apongoziwo amaigwiritsa ntchito?"

"Amaonera makwaya tsiku lonse, pamodzi ndi amayi onse a mumpingo."

"Basi kutsika mtengoko inu simunapindule nako kanthu, bambo."

"Ndapindula. Zaka zonsezi sankandilankhula. Tsopano mwezi ukamatha, nthawi yolipira intaneti ikayandikira, amatuma mwana kudzafunsa ngati bambo adzuka bwino."