Kabati Yogonamo Mafoni

Olemekezeka a Wapampando a bungwe loyendetsa sukulu ino ya ntchito zamanja. Olemekezeka a Mphunzitsi Wamkulu pamodzi ndi aphunzitsi onse, a zamatabwa, a zosoka ndi a zamagetsi. Olemekezeka makolo amene mwasiya ntchito zanu kuti mudzakhale nafe. Ophunzira nonse, amene mukuyang'ana ine ndi amene mukuyang'ana pamiyendo panu ngati mwagwetsapo singano. Ndi inu mayi a kunyumba kwanga, amene mwakhala kutsogoloku. Landirani ulemu wanga nonse.

Sindine munthu wa mawu. Sukulu ndinaisiyira panjira, ndipo moyo wanga wonse wathera m'shopu ya matabwa, mmene munthu amakhala ataluma misomali n'kumayankha ndi mutu. Anzanga a ntchito ananditcha a Chetechete, dzina limene silinandipweteke chifukwa linali loona. A Mphunzitsi Wamkulu atabwera kudzandipempha kuti ndikhale mlendo wolemekezeka, ndinawauza kuti asokera khomo. Iwo anati wandisankha si iwo, ndi mayi a kunyumba. Nkhani inathera pomwepo.

Chimene tasonkhanira ndi chipinda ichi chodyeramo ndi kuchezeramo, ndi kabati iyo ili pakhomo pake, ya tizipinda ting'onoting'ono, mmene aliyense wolowa azisiyamo foni yake. Kabatiyo ndinakhoma ndine. Koma ili ndi kholo lake, ndipo za kholo limenelo ndi zimene ndabwera kudzanena.

Kuyambira pamene tinakwatirana, ine ndi mayiwa tinagawana ntchito mwadongosolo. Ndikaweruka tinkakhala pakhonde dzuwa likupendeka, iwo kuyankhula, ine kumvetsera. Gawo langa linali kunena kuti "eya," ndipo nkhani ikakula ndinkawonjezera "oho." Pakhonde pamenepo ndi pamene ndinkadziwira amene wabadwa, amene wadwala, mwana amene nsapato zamuthina, ndi zimene zili mumtima mwa akazi anga. Ana onse tinawalera ndi "eya" ameneyo.

Kenako mwana wathu wamkazi, mwa chikondi chake, anawagulira mayi ake foni yamakono, ija yosisita ndi chala. Sindikuinyoza, pakuti ndi yomwe imationetsa nkhope za adzukulu okhala kutali. Koma khonde linazizira. Mayi ankaseka, koma osati ndi ine. Ankadabwa, ankakwiya, ankapukusa mutu, zonsezo akuuza galasi, tiyi akuzizira m'kapu. Nyumba imapirira munthu mmodzi wachete. Akakhala awiri imasanduka sitolo ya mipando. Tsiku lina ndinanena "eya" mwachizolowezi, popanda wondiuza kanthu, ndipo mayi anandifunsa ngati ndatsamwa. Sekani, mwaloledwa. Ine sindinaseke, chifukwa ndinaona akazi anga akundichokera ali pampando womwe uja ndinawakhomera.

Mmisiri akasowa mawu amatenga thabwa. Ndinakhoma kabokosi kokhala ndi chivindikiro, ndinakasalaza, ndinakapaka vanishi, ndipo mkati ndinayalamo kansalu kofewa kuti mlendoyo, foni ija, asadandaule msana. Ndinakaika patebulo osanena kanthu. Mayi anakatembenuzatembenuza, anakayamikira, n'kuikamo mabatani ndi ulusi. Mawa lake ndinachotsa mabataniwo, ndinaloza foni, ndinaloza kabokosi. Apo ndi pamene anandiyang'anitsitsa kuposa mmene anandiyang'anira chaka chonsecho, nati:

"Bambo, foniyi imandiyankha. Inu zaka zonsezi mwandidyetsa 'eya' wopanda mchere. Ndiigoneka m'kabokosi kanuko, koma ikagona iyo, mudzuke inu."

Ndinazindikira kuti ndatchera msampha n'kupondapo ndekha.

Tsiku loyamba foni itagona, mayi anapinda manja n'kudikira. Ndinafunafuna nkhani m'mutu ngati munthu wofuna msomali mu utuchi, ndipo imene ndinatola inali ya thabwa lopindika limene linandivuta m'mawa wa tsikulo. Ndinaifotokoza yonse, kuyambira ku mtengo mpaka ku macheka. Mayi anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anati, "Eya."

Tsiku limenelo ndinadziwa kulemera kwa liwu limeneli likagwera iwe. Koma mawa lake tinayesanso, ndipo lero khonde lathu lili ndi oyankhula awiri, ngakhale mmodzi akadali pa maphunziro.

Ophunzira, langizo langa ndi la m'shopu, chifukwa lina ndilibe. Chida chilichonse chili ndi msomali wake pakhoma, ndipo ntchito ikatha chimabwerera pamenepo. Sindinaonepo mmisiri akudya atagwira macheka, kapena akugona ndi hamala pansi pa pilo. Foni ndi chida chabwino. Ipatseni nthawi yake yogwira ntchito ndi malo ake ogona. Zimene mwapeza m'foni muziyamba mwaziyeza musanatumize kwa mnzanu, monga timayezera thabwa tisanadule, pakuti chodulidwa sichibwerera. Koma musaiwale phunziro la mayiwa: kabati imachotsa foni m'manja, koma siika mawu m'kamwa. Mukamalowa m'chipinda muno bweretsani nkhani, ngakhale ya thabwa lopindika.

Ndikuthokoza a bungwe chifukwa cha matabwa ouma bwino, ndi aphunzitsi amene avomera kuti lamuloli liwagwire iwonso. A Wapampando, kachipinda koyamba m'kabatimo ndi kanu. Chimene chakhala chikunjenjemera m'thumba la jekete yanu chiyambire mwambo uno chatopa, chilekeni chikapume.

Pomaliza, mayi a kunyumba, anthu onsewa ndi mboni kuti lero ndayankhula mawu a sabata yathunthu. Ndikupempha, pamaso pa olemekezeka, kuti madzulo ano pakhonde ndibwerere pa "eya" wanga.

Akupukusa mutu. Mwaona nokha. Ndiye mawu otsalawo ndisunge, akufunika kunyumba.

Ndi ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti chipinda chino pamodzi ndi kabati yake chatsegulidwa mwalamulo kuyambira tsopano. Mafoni akagone, anthu adzuke.

Zikomo kwambiri.